Alamu, mlendo wa pepala akubwera, mumulandire chonchi

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Ana ali bwanji, nanga amayi miyendo ija ikuwalola? Kuno tadzuka, kungoti kuzizira kwafika poipa, chipale chili mbuu pabwalo ponse. Ndati ndijambule mawu chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, ndikati ndilembe zala zitopa. Mumvetsere mutakhala pansi, ndipo achimwene akaweruka muwamvetsenso.

Loweruka lino kukubwera envelopu yakhaki. Ndapatsira mayi wina wa kutchalitchi kwathu kuno amene akutsikira pa Chileka, ndipo mwana wake adzakuimbirani akafika pa depoti ya Zomba. Mukatsegula mupeza kamnyamata kojambula papepala, kodula ndi sizasi, kutalika kwake ngati kuchokera pachigongono kufika pachikhatho. Kavala malaya ofiira, tsitsi lake ndi la makrayoni, khutu limodzi ndi lalikulu kuposa linzake. Musaseke kwambiri, wajambula ndi mzime wanga, ndipo wathera mtima wake wonse pamenepo. Dzina lake ndi Flat Stanley. Mulinso kope laling'ono ndi kalata ya aphunzitsi.

Ndikufotokozereni kaye chiyambi chake, chifukwa ndikudziwa kuti amayi afunsa. Ndi nthano ya m'buku la ana limene analemba munthu wa ku America, Jeff Brown, linatuluka mu 1964. Mnyamata Stanley akugona usiku, chibolodi chomatapo mapepala chinagwa pakhoma n'kumuphwatalitsa. Sanafe ayi, anangosanduka wopyapyala, moti ankadutsa kunsi kwa chitseko chotseka. Atafuna kukacheza kwa mnzake ku California, makolo ake anaona kuti ndege ndi yodula, anangomupinda, kumuika mu envelopu, kumata sitampa, basi ulendo. Kumapeto mng'ono wake anamupopa ndi pampu ya njinga n'kubwerera mwakale. Ndiye mu 1995 mphunzitsi wina wa giredi 3, Dale Hubert, wa mumzinda wa London, osati London wa ku England uja, kuno ku Ontario, m'dziko la Canada, kulinso London wake, anaganiza zoti ana ake a m'kalasi azipanga Stanley wawo papepala n'kumutumiza kwa anthu akutali. Olandirawo amakhala naye masiku angapo, kulemba zimene wachita, kenako kumubweza. Cholinga chinali choti ana azolowere kulemba makalata ndi kuwerenga mapu. Lero zinafalikira m'sukulu za m'mayiko ambiri. Anzake a m'kalasi atumiza kwa agogo awo ku India, ku Jamaica, wina ku Philippines. Wathuyu atafunsidwa anangoti, kwa amalume ku Zomba. Ndiye achimwene asathawe, paja mbumba ndi yawo.

Choyamba, musanatuluke naye panja, mukhale pansi ndi amayi muwauze bwinobwino. Muwerenge kalata ya aphunzitsiyo, muwamasulire. Mukudziwa mmene zimakhalira kwathu, kachifaniziro ka munthu kochokera kunja, kobwera mu envelopu, mawa lake mukukayendetsa kumjigo ndi kumunda mukukajambula. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse udzakhala utamva kuti kwa auje ayamba zamasalamusi, ndiye chifukwa chake anakhoma malata atsopano. Muyambe ndinu kulankhula. Muuze anansi a mbali zonse, muuze amayi a Mvano, ndipo ana akamapita naye kusukulu ayambe aonetsa aphunzitsi aakulu. Mungonena kuti ndi homuweki ya mwana wa achemwali awo a bambo, yochokera ku Canada. Anthu akamva kuti ndi za sukulu mtima umakhala m'malo, ena mpaka adzapempha kuti ajambulitse naye.

Tsopano mfundo yaikulu, ndipo apa ndikupemphani mundimvetse. Musamukonzere moyo wapadera. Ndikukudziwani alamu, mukamva kuti zithunzi zikupita kwa azungu mutulutsa mbale zagalasi zija za mukabati, muyala nsalu yoyera patebulo, mugula mpunga wa Kilombero ndi nkhuku, ana muwaveka zovala za Khirisimasi. Ayi. Ana a kuno mpunga ndi nkhuku amaziona tsiku ndi tsiku. Chimene sanaonepo ndi mmene nsima imaphikidwira. Muimike Stanley pafupi ndi mbaula, osati pafupi kwambiri, mujambule madzi akufunda, mujambule phala likuwira, mujambule mukuthira ufa dzanja lina likuvundula ndi mthiko, mujambule mukuomola ndi chipande. Zithunzi zinayi zimenezo zokha aphunzitsi atha kuphunzitsa nazo ola lathunthu. Ndiwo zikhale zimene zilipo tsiku limenelo. Ngati ndi nkhwani wotendera, nkhwani womwewo, ndipo muonetse nsinjiro zikusinjidwa mumtondo. Ngati ndi matemba a ku Chilwa, matemba omwewo, mitu yake ioneke.

Komanso musapite mbali inayo. Achimwene ali ndi kamtima kena koti akaona kamera ya kunja amayamba kuloza pamene pakudontha. Iyi si kalata yopempha thandizo, palibe bungwe limene likutumiza ndalama. Mwana wanga akaima kutsogolo kwa anzake akufuna anene kuti uku ndi kwathu, asuweni anga amakhala chonchi. Muonetse nyumba mmene ilili m'mawa mutasesa pabwalo, mizere ya tsache ikuoneka. Nkhuku, mbuzi, mtengo wa mapeyala uja, njinga ya achimwene. Magetsi akathima mwayatsa tochi ana akuwerenga, jambulani, ndi mmene timakhalira, koma musachite kukonza nkhope zachisoni.

Apite kulikonse kumene ana akupita. Kuchigayo apite, ndipo mulembe kuti chimanga chimayamba chakonoledwa, kuviikidwa, kuyanikidwa pamphasa, kenako kugayitsa, ndiponso kuti mgaiwa ndi wosiyana ndi ufa woyera. Kumjigo apite, aone nkhata ndi ndowa pamutu. Ana a kuno madzi amangodziwa kuti amatuluka pampopi, ndiye mulembe kuti ndowayo ndi ya malita 20 ndipo kuchoka kunyumba kukafika kumjigo ndi mphindi zingati. Kumunda ino ndi nthawi yabwino, chimanga chamasula, maungu ayanga, mwina pofika sabata yachiwiri mudzakhala mutayamba kuotcha chachiwisi. Mumuimike pamzere aoneke kuchepa kwake pansi pa mapesi. Akwere kabaza, akwere minibasi. Madzulo akhale nawo pa fulaye, pa phada, pa mpira wachikulunga, ndipo mpirawo muujambule pafupi kuti majumbo ndi zingwe zake zioneke, ndikukuuzani anyamata a m'kalasimo adzafuna kupanga wawo. Amayi akamasewera bawo ndi anzawo pakhonde, mumukhazike pambali.

Kuphiri mutha kupita tsiku limodzi ngati mpata ulipo, akaone damu la Mulunguzi, ndipo mukafika pa Emperor's View kunja kukayera mutha kujambula nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje chapatali. Mulembe kuti Zomba ndiye linali likulu la dziko mpaka 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe, aphunzitsi amakonda zoterozo. Koma musabwereke ndalama chifukwa cha ulendo umenewu. Ukalephereka, chithunzi cha phirilo mutaima pakhomo panu chikwanira. Za kunyanja ku Mangochi musaziganizire n'komwe.

Aa, yaduka. Ndipitirize.

Ndimati za kasamalidwe. Ndamumata pulasitiki mbali zonse, koma m'mphepete madzi atha kulowa, ndipo ino ndi Febuluwale, mvula ya ku Zomba mukuidziwa. Poyenda azikhala m'kati mwa kope, kopelo m'jumbo. Usiku musamusiye pawindo kapena pansi, chiswe ndi makoswe sadziwa kuti ndi mlendo. Muzimuika m'Baibulo lalikulu lija kapena m'sutikesi. Mbuzi imadya pepala, musamuimike pafupi ndi khola n'kutembenuka. Ndipo kamwana kanu kakang'onoko, kamene kakumera mano, kangomuonera patali. Kumsana kwake mumatepo kabango kapena kamtengo ka tsache ndi selotepi, kuti muzitha kumuzika pansi kapena kumugwira dzanja lanu lisakuphimba nkhope yake. Akang'ambika musabise ndipo musajambule wina. Mumumate, mulembe m'kope kuti lero Stanley wavulala mwendo pothawa tambala, ana adzaseka, nkhani yatha.

Mukasankhe mwana mmodzi woti akhale mwini mlendo, apo ayi alimbirana mpaka amuduladula. Ine ndikuona chisamba wanu, wa Sitandade 6 uja. Enawo azisinthana pomunyamula, koma wosunga ndi wolemba akhale iyeyo.

Kopelo lizilembedwa tsiku lililonse madzulo, osadikira kuti mudzalembe zonse tsiku lomaliza, zimaiwalika ndipo zimaoneka kuti ndi zopeka. Pamwamba deti, kenako kunja kunacha bwanji, anapita kuti, anadya chiyani, chinamudabwitsa n'chiyani. Mizere isanu kapena isanu ndi umodzi yakwana. Azilemba ngati wolankhulayo ndi Stanley mwiniwake, lero ndinadzuka tambala atalira kachiwiri, lero ndinagwera m'lichero. Alembe m'Chingerezi chake chomwecho, pansi pake aikepo chiganizo chimodzi cha Chichewa kuti wangayu aziyeserera, chifukwa Chichewa chake chikungothera pa zikomo ndi ndakhuta. Achimwene asalande bolopeni. Ndikuwadziwa, adzafuna kuikamo Chingerezi cha ku ofesi choti ngakhale aphunzitsi akatsegule dikishonale. Owerenga ake ndi ana a zaka 8. Chimene amafuna ndi manambala ndi tinthu ting'onoting'ono. Mumadzuka nthawi yanji, m'kalasi mwanu muli ana angati, pa buleki mumadya chiyani, chitumbuwa chimodzi ndi ndalama zingati, galu wanu dzina lake ndani ndipo amagona kuti. M'kalasi mwawo sakwana 25, ndiye akamva chiwerengero cha kwanuko adzafunsa kuti aphunzitsi amaloweza bwanji mayina. Ndipo za galu adzadandaula kuti amagona panja, konzekani kuyankha.

Pojambula, yambani mwapukuta galasi la foni ndi nsonga ya chitenje, zithunzi zanu zambiri zimabwera ngati munajambulira m'khitchini ya utsi. Dzuwa likhale kumsana kwanu. Stanley mumugwire patali ndi foni ngati kutalika kwa mkono, mudine pankhope yake pasikirini kuti aoneke bwino, koma asadzaze chithunzi chonse, kumbuyo kwake ndi kumene kuli nkhani. Nthawi yabwino ndi m'mawa kapena chakumadzulo. Potumiza pa WhatsApp musankhe Document m'malo mwa Gallery, zikatero sizifufutika tikamazisindikiza. Zimadya bandulo, ndikudziwa, ndakuikirani kangachepe pa Mpamba. Ziwiri kapena zitatu pa tsiku zakwana, musanditumizire 60.

Anthu muziyamba mwawapempha. Mayi wogulitsa tomato mumsika akakana, musakakamire, jambulani mulu wa tomato wokhawo mutagula. Ana a eni ake musawajambule makolo awo asakudziwa, ndipo mwana aliyense wooneka pachithunzi akhale atavala, chifukwa zithunzizi zikakhomedwa pakhoma la sukulu. Pamaliro ayi. Kuchipatala ayi. Ndipo mukamadutsa ku Cobbe Barracks, kundende kapena ku State House, foni ikhale m'thumba, Stanley m'kope. Sindikufuna kumva kuti achimwene akufotokozera asilikali za mnyamata wophwatalala.

Akhala nanu masabata awiri. Mayi yemweyo akubwerera kumayambiriro kwa Malichi, ndipo aphunzitsi akufuna zonse zifike sukulu isanatsekere holide ya sabata imodzi ya pakati pa mweziwo. Tsiku lenileni ndikuuzani akatsimikiza tikiti. Pobweza muike Stanley, kope, ndi timphatso topyapyala tokwana mu envelopu. Kansalu ka chitenje, ndipo atelala a pamsika aja atamusokera kamalaya kapena kumumangira kachitenje m'chiuno zingakhale bwino kwambiri. Masitampa akale ngati alipo. Ana ajambule mbendera, yakuda, yofiira, yobiriwira ndi dzuwa lake lotuluka. Ndalama musaike, mungojambula Stanley atagwira K200, mulembe kuti mayi ali pamenepoyo ndi Rose Chibambo. Koma chonde, amayi muwaletse. Adzafuna kuikamo mtedza, nthanga za maungu, usipa, mwinanso kadothi ka pakhomo. Pabwalo la ndege kuno mbewu, dothi ndi zanyama amazifufuza kwambiri, ndipo tingamuike m'mavuto munthu amene wangotithandiza.

China, wangayu wapempha kuti asuweni ake apange wawo wa pepala, amupatse dzina la kwathu, abwere limodzi ndi Stanley. Ife timutengera kusukulu, kokwera basi, kokagula zinthu, timugoneka pachipale, kenako tidzamubweza ndi kope lake. Ajambule papepala lolimba, ngakhale katoni ya sopo, ndipo kumbuyo asalembe dzina lonse la mwana kapena nambala ya foni.

Lamlungu tidzaimbe pa vidiyo kuti wangayu aone kuti mnzake wafika. Kumbukirani kuti panopa tikusiyana maola 7, ndiye ikamakwana 4 koloko madzulo kwanuko kuno ndi 9 koloko m'mawa, tisanapite kutchalitchi. Mutchajiretu foni. Basi yanga ikubwera iyo, ndithamange. Envelopu ikafika mungondiflasha, ndiimba ndine. Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka miyendo aja ali m'chikwama chomwecho.