Sikani ya diso, ng'ala ikatseka njira

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Akumbuyoko mukundimva?

Amayi ambiri pano sikani mukuidziwa, ija amakupakani mafuta ozizira pamimba muli oyembekezera kenako mwana n'kumaoneka pa sikirini. Ndiye iliponso ya maso, kungoti kamutu kake n'kakang'ono. Si X-ray ayi, ndi kaphokoso koti khutu silingamve, kamalowa m'diso n'kubwerera, makinawo n'kupanga chithunzi. Mumangotsinzina, amapaka mafuta aja pachikope basi, sizipweteka.

Wina afunsa, osangounika ndi tochi bwanji? Ng'ala ikakhwima diso limayera mbuu, adokotala olo aunike chotani kumbuyo sangaoneko, chimodzimodzinso anzathu a shuga magazi akatayikira m'kati mwa diso. Komatu kumbuyoko n'komwe kuli retina, kansalu kamene kamalandira kuwala, ndipo nthawi zina kamamatuka. Kungochotsa ng'ala kansaluko katamatuka kale munthu amakhalabe osaona, n'kubwera kumudzi kuno kumati achipatala andiphera diso, ena onse n'kuyamba kuopa opaleshoni. Sikani imathandiza kuti akuuzeni zoona zake asanakugwireni. Palinso ina yoyeza kutalika kwa diso, la munthu wamkulu limakhala pafupifupi mamilimita 24, muyezo umenewo ndi umene amasankhira kagalasi kolowa m'malo mwa ng'alayo.

Tsono kuli ina yoona bwino kwambiri, dzina lake UBM, anaipanga Charles Pavlin ndi Stuart Foster ndi anzawo ku Toronto, Canada, cha m'ma 1990. Ya pamimba ija imagwira pa 3 mpaka 5 MHz (MHz ndi muyezo wa kunjenjemera kwa kaphokoso kaja), ya diso wamba 10, koma iyi imafika 50. Chithunzi chake chimaoneka bwino zedi koma siipita patali, mamilimita 5 okha kutsogolo kwa diso, n'chifukwa amaonera kangalande kotulukira madzi a m'diso, kamene kakatsekeka presha ya m'diso imakwera, matenda amene amati glaucoma. Pa sikani ya UBM imeneyi amayamba akudonthezerani mankhwala a dzanzi poti imafika padiso penipeni, ndipo siipezeka paliponse.

Amayi, mwana akamaoneka kadontho koyera pakati pa diso musadikire kuti akule, ndipo musamuthire mkaka wa m'mawere m'disomo. Itha kukhala khansa ya m'diso, retinoblastoma, ndipo sikani imachionetsa chotupacho. Thamangirani kuchipatala akutumizeni kwa a maso, ngati kuchipatala cha maso cha Lions ku Queens ku Blantyre.

Agogo apo mwakweza dzanja, funsani.