Muli chiyani m'kati mwa 100 thililiyoni?

Moni abale ndi alongo a ku Mbare, Mufakose, Highfield ndi konse kumene mukuonera. Amene munali mu Harare mu Januwale 2009 mukuikumbukira ndalama iyi.

(Pa sikirini: ndalama yapepala ya 100 thililiyoni)

Inatulutsidwa ndi Reserve Bank of Zimbabwe. Kutsogolo kuli miyala yosanjikizana ya ku Chiremba, ku Epworth, kumbuyo kuli Victoria Falls ndi njati. Lero za mitengo ya zinthu tizisiye kaye, tione nambala yeniyeniyo: 100,000,000,000,000. Ndi 1 wotsatidwa ndi maziro 14. Mutati muziwerenga nambala imodzi pa sekondi iliyonse, osagona, osadya, mungathe zaka zoposa 3 miliyoni musanafike.

Koma chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti chinambala chonsechi chinamangidwa ndi njerwa zamitundu iwiri yokha. Pali nambala zimene sizigawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe, monga 2, 3, 5, 7. Kusukulu timati ma prime number. 10 ndi 2 kuchulukitsa ndi 5. Ndiye popeza yathuyi ndi ma 10 okwana 14 ochulukitsidwa pamodzi, m'kati mwake muli ma 2 okwana 14 ndi ma 5 okwana 14. Basi. Mulibe 3, mulibe 7.

N'chifukwa chake anthu atatu sangagawane ndalamayi ndendende. Aliyense atenga 33,333,333,333,333, dola imodzi n'kutsala.

Nanga ndi nambala zingati zimene zimaigawa osatsala kanthu? Apa tichedwepo pang'ono. Kuti mupange nambala yoigawa, mumasankha kuti mutenga ma 2 angati: osatenga ngakhale mmodzi, kutenga mmodzi, awiri, mpaka 14. Njira zake ndi 15. Ma 5 chimodzimodzi, njira 15. Ndiye 15 kuchulukitsa ndi 15 ndi 225. Taonani, sitinagawe ngakhale kamodzi, koma yankho tapeza.

Tsopano 225 sagawika ndi 2, ndipo izi sizichitika wamba. Nambala zogawa zimayenda ziwiriziwiri: 1 ndi 100 thililiyoni, 2 ndi 50 thililiyoni, 4 ndi 25 thililiyoni. Koma pakati penipeni pali 10,000,000 amene alibe mnzake, amadzichulukitsa yekha. 10 miliyoni kuchulukitsa ndi 10 miliyoni ndi 100 thililiyoni. Nambala yotere ndi sikweya, ngati 9 kapena 25, ndipo masikweya okha ndi amene amakhala ndi nambala yotsala yopanda mnzake chonchi.

Palinso gulu lina lotchedwa ma abundant number. Mukaphatikiza nambala 224 zonse zoigawa, kusiyapo mwini wakeyo, mupeza pafupifupi 150 thililiyoni, kuposa iyo yomwe. Choncho nayo ili m'gululi.

Ndiye onjezerani 1 yekha.

(Pa sikirini: 100,000,000,000,001)

Ma 2 ndi ma 5 aja onse achoka. Iyi ndi 29 kuchulukitsa ndi 101, kuchulukitsa ndi 281, kuchulukitsanso ndi 121,499,449, ndipo zinayi zonsezi ndi ma prime. Nambala zoigawa zatsika kuchoka pa 225 kufika pa 16 zokha. Tengani pepala ndi cholembera, muyambe ndi 29 ndi 101, muone nokha ngati mufika.