Kuchuna kabuleta: mafuta asachuluke, asachepenso

Zikomo nonse, amayi ndi abambo, makamaka inu oyendetsa njinga zamoto ndi inu amene muli ndi majenereta kapena mapampu a petulo. Pali chizolowezi china chimene chimandidetsa nkhawa. Munthu akaona kuti petulo akutha msanga, amathamangira kumanga kasikuluu ka pa kabuleta, ati mafuta azipita ochepa. Kumeneko n'kupha injini pang'onopang'ono.

Ntchito ya kabuleta ndi kusakaniza mpweya ndi petulo. Kuti petulo apse bwinobwino, galamu imodzi imafuna mpweya wolemera magalamu pafupifupi 14.7. Petulo akachuluka, ku ekizozi kumatuluka utsi wakuda, fungo la mafuta lili guu, pulagi n'kuda ndi mwaye. Akachepa, injini imatentha kwambiri, imatsamwa mukaipatsa moto, ndipo imaphulitsa ku ekizozi mukabweza moto. Pulagi yake imayera mbuu. Pa ziwirizi choopsa ndi kuchepa, chifukwa kutenthako kumawotcha mavavu, nthawi zina mpaka kuboola pisitoni. Kandalama mwapulumutsa pa petulo kaja kathera kwa makaniko, n'kuwonjezeraponso.

Tsono musanakhudze sikuluu iliyonse, yambani mwaona fyuluta ya mpweya. Fyuluta ikatsekeka ndi fumbi, injini imasowa mpweya ndiye imamwa petulo wambiri, kabuleta ilibe mlandu. Onaninso choko, chija chochepetsa mpweya poliza injini yozizira, ngati sinatsalire, ndi labala yolumikiza kabuleta ku injini ngati sinang'aluke, pakuti mng'alu umalowetsa mpweya wosafunika. Majeti, tizitsulo ta timabowo todutsira petulo m'kabuleta, akatsekeka, atsukeni ndi mankhwala ake n'kuwapemerera mpweya. Chonde, waya ayi. Waya amakulitsa kabowo, ndipo kabowo kakakula sikabwereranso.

Zonsezi zikakhala bwino, lizani injini itenthe kaye, panja podutsa mphepo, chifukwa utsi wa ekizozi uli ndi mpweya wakupha umene sununkha. Injini yozizira imakunamizani, imafuna mafuta ambiri kuposa yotentha.

Pa njinga zamoto zambiri pali masikuluu awiri. Ina imakweza kapena kutsitsa kulira kwa injini ikamalira yokha osaipatsa moto, inayo ndiyo yosakaniza. Mvetserani apa, chifukwa ambiri amasokonezeka pomwepa. Yosakanizayo ikakhala mbali ya injini, nthawi zambiri imalamulira petulo, ndiye mukaimasula mafuta akuchuluka. Ikakhala mbali ya fyuluta, imalamulira mpweya, mukaimasula mafuta akuchepa. Yosakanizayo imangeni mofatsa uku mukuwerenga kuti yazungulira kangati, ndipo ikangogunda siyani pomwepo, musathinitse, nsonga yake ndi yosalimba. Nambala mwawerengayo isungeni kuti mukasokoneza mudziwe pobwerera. Kenaka imasuleni monga likunenera buku la injiniyo. Zambiri zimayambira pa kuzungulira kamodzi ndi theka kapena kawiri.

Kuchoka apo muzitembenuza kota yokha, n'kudikira pang'ono injini iyankhe. Khutu ndiye chida chanu. Mukufuna pamene injini ikulira mokwera ndiponso mosadukiza. Mukapapeza, tsitsani kulirako ndi sikuluu inayo kufika pa mlingo wake, kenaka ipatseni moto mwadzidzidzi. Ikanyamuka osatsamwa, zatheka. Koma mukamasula kupitirira katatu osasintha kanthu, vuto si sikuluu, ndi jeti yaing'ono imene yatsekeka kapena si ya saizi yake.

Bambo kumbuyoko afunsa ngati kuchuna kumeneku kuwonjezera liwiro pa msewu. Ayi bambo, sikuluu imeneyi imagwira ntchito injini ikamalira yokha ndi pa moto wochepa basi. Pa moto wapakati ikulamulira ndi singano ya m'kabuleta, pa moto wonse ndi jeti yaikulu. Ndiye ngati njinga ikufooka pa liwiro, n'kumeneko koyang'ana. Mukachuna, yendani nayo mtunda ndithu, muzimitse, idikireni izizire, mumasule pulagi. Nsonga yake ikhale yofiirira motuwa, osati yakuda, osatinso yoyera.