Mbande ya chamba ikayamba kufota, yamba wayang'ana madzi

Mphwanga, chithunzi chija cha mbande yako ya chamba imene ikufota m'kapu ndachiona. Ndikutumizira mawu m'malo molemba, chifukwa nkhaniyi ndi yaitali ndipo zala zingatope. Khala pansi umvetsere, ukafuna ubwereze.

Choyamba, botolo la feteleza lomwe ndikuliona pambali pa kapuyo ulichotse, ulibise kutali. Mbande yako ilibe njala. Tayang'ana masamba ake: pali awiri ozungulira amene inatuluka nawo m'njere, ndiye awiri ena a manomano amene angotuluka kumenewa. Pa msinkhu umenewu chakudya chake chili m'masamba ozungulirawo, ndipo dothi la m'thumba lomwe unagula lija limabwera ndi chakudya kale. Milungu iwiri kapena itatu yoyambirira suthira kanthu. Ukathira pano, uona nsonga za masamba zikuwauka, kenako uganiza kuti matenda awonjezeka, uthiranso china. Ambiri amaiphera pamenepo.

Chimene chikuizunza mbande yakoyo ndi madzi. Dothi likuoneka lakuda bii, likunyezimira, ndipo m'mbali mwa kapu mwayamba ndere zobiriwira. Zimenezo zikutanthauza kuti silinaumepo chibzalire. Mizu imapuma, mphwanga. Imafuna mpweya umene umakhala m'timipata ta dothi, ndiye madzi akadzaza timipata tonse, mizu imabanika n'kuyamba kuwola. Chopusitsa chake n'chakuti mbande yomira ndi mbande yaludzu zonse zimagwetsa masamba. Iwe ukaona masamba agwa, umathamangira botolo la madzi. Kusiyana kwake ndi uku: yaludzu masamba ake amakhala opyapyala, olobodoka, dothi n'kukhala lopepuka, lochita kusiyana ndi khoma la kapu. Yomira masamba ake amakhala onenepa, olemera, opindikira pansi, ndipo kapu ukainyamula imalemera. Yakoyo ndi yachiwiriyi.

Ndiye chita izi lero lomwe. Nyamula kapu uyang'ane kunsi. Ngati kulibe mabowo, kapena kuli kabowo kamodzi kokha, wotcha msomali uboole mabowo anayi kapena asanu. Madzi amene ali m'mbale ya pansiyo utaye, kapu isakhale m'madzi ngakhale pang'ono. Ukatero uisiye. Osaithirira mawa, osaithirira mkuja. Uzilowetsa chala m'dothi mpaka pa mfundo yoyamba. Chikatuluka chonyowa, dothi litamatirira, dikira. Chikatuluka chouma, ndipo kapu yapepuka m'manja, ndiye nthawi yakwana. Zizolowere kuinyamula kapuyo m'mawa uliwonse, dzanja lako lidzadziwa lokha kulemera kwa dothi lonyowa ndi louma.

Pothirira, usakhuthule ngati ukutsuka mbale. Tenga supuni kapena jakisoni wopanda singano, uthire pang'onopang'ono mozungulira, masentimita awiri kapena atatu kuchokera pa tsinde. Tsinde lenilenilo lisanyowe. Ukamathira chapatali choncho, mizu imatambasuka kufunafuna madzi, ndipo ndi zimene tikufuna. Madziwo asakhale ozizira ochokera pa mpopi m'mawa. Tunga usiku, agone m'chipinda momwemo.

Tsopano za tsinde lalitali lowondalo. Ukuti ikukula msanga, ayi, sikukula kumeneko, ikuthamangira kuwala. Pa zenera pomwe waiikapo dzuwa limafika maola ochepa, ndiye ikudzikoka, mutu n'kuyamba kulemera kuposa tsinde. Ikufuna nyali yakeyake. Ngati ndi babu wamba wosatentha uja, wowala moyera, umuyandikitse, masentimita 10 mpaka 15 pamwamba pa masamba. Ngati wagula LED yeniyeni yolimira, ya mawati 100 kapena kuposa, imeneyo ndi yamphamvu, iyambire kutali, masentimita 50 kapena 60, ndipo ngati ili ndi pochepetsera mphamvu uichepetse. Ika kuseri kwa dzanja lako pa msinkhu wa masamba kwa kanthawi. Ukamva kutentha, nayonso ikumva, kweza nyali. Masamba akayamba kupindira m'mwamba m'mbali mwake kapena kuyera, nyali yayandikira kwambiri. Tsinde likapitiriza kutalika, nyali ili kutali.

Maola ake ndi 18 kuyaka, 6 kuzima. Gula timer yapulagi, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa nyali pa nthawi yake, siidula, chifukwa iwe ndi mashifiti akowo udzaiwala. Za magetsi kuthimathima usade nazo nkhawa pano. Mbande yaing'ono ikasowa kuwala maola awiri kapena anayi siifa. Akathima masana, ingoisunthira pa zenera. Nkhani ya mdima imadzavuta kutsogolo, nthawi ya maluwa, tidzakambirana ikafika.

Tsinde latalika kalelo silingafupikenso, koma ungalikwirire. Dothi la m'kapu likayamba kuuma, wonjezera lina louma pamwamba, mofatsa, mpaka kutsale sentimita imodzi kapena awiri kuti lifike pa masamba ozungulira aja. Gawo lokwiriridwalo limatha kutulutsa mizu ina. Usatsindire ndi chala. Ngati ikugwabe, zika kamtengo kotokosera m'mano pambali pake kuti itsamire, koma usaimange molimba.

Ndiye kuzizira. Mwezi wa June ndi July kuno ku Johannesburg ukuudziwa, usiku kumachita kulowa m'mafupa. Kapu yako ndaiona ili pa matailosi. Dothi lonyowa likakhalanso lozizira, mizu imangoima, siimwa, ndipo madzi amakhalitsa. Mbande imakondwa pa madigiri 22 mpaka 26. Kukatsika pansi pa 15 imachedwa kukula. Ichotse pansipo, uiike pa thabwa kapena pa katoni, kutali ndi galasi la zenera usiku. Ndipo nzeru ina: maola 6 a mdima aja uwaike masana, nyali iziyaka usiku wonse, kufunda kwake kuzithandiza nthawi imene kwazizira kwambiri.

Botolo lodula pakati lomwe wavindikira pamwambalo ulichotse kaye. Ndikudziwa chifukwa chake, mpweya wa kuno nthawi yozizira ndi wouma, ndipo mbande zimakonda chinyontho cha 60 kapena 70 peresenti. Koma pamene dothi lili chonchi, botolo likungotsekera chinyezi, nkhungu n'kupeza pokhala. Pakufunika kamphepo. Ngati uli ndi kafani kakang'ono, kalozetse kukhoma, mphepo izibwerera yofatsa, masamba azingogwedera pang'ono. Kugwedera kumeneko kumalimbitsanso tsinde.

Wanena za tintchentche takuda timene timauluka ukagwedeza kapu. Timeneto timaikira mazira m'dothi lonyowa, ndipo timphutsi take timadya timizu tating'onoting'ono. Usapopere mankhwala a udzudzu, uipha mbande. Pamwamba pa dothi pakauma, timachepa tokha. Ukadutsa ku shopu ya zam'munda, gula timapepala tachikasu tomata, uzike kamodzi m'mbali mwa kapu. Uli komweko ugulenso perlite, timiyala toyera topepuka tija, udzasakanize ndi dothi posamutsa, gawo limodzi pa magawo anayi, kuti madzi azidutsa.

Za pH, muyeso wa asidi m'madzi, anzako akuuza kale, ndikudziwa. N'zoona, m'dothi pH ya madzi imafunika ikhale pakati pa 6 ndi 7, kupyola apo mbewu imalephera kutenga chakudya ngakhale chilipo. Koma usayambe kuthira mandimu ndi viniga mongoganizira. Konza kaye madzi, kuwala ndi kutentha. Pakatha sabata, masamba atsopano akamatulukabe achikasu, ndiye ugule timadontho toyezera pH tija. Ndipo masamba ozungulira aja akadzayamba chikasu n'kugwa, ena enieni atatuluka kale angapo, usadzandiimbire usiku. Ntchito yawo imakhala yatha.

Ndikuyankhenso za njere zakumudzi zomwe ukuti ufuna munthu akubweretsere pa basi. Iwala. Kuno ku South Africa, kuyambira 2018 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula kuti munthu wamkulu angalime ndi kugwiritsa ntchito chamba chake payekha, pamalo pake, ndipo mu 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasainira lamulo lake. Koma kugulitsa ayi, ndipo kudutsa nacho pa Beitbridge kapena pa Mwanza ndi mlandu. Kwathu ku Malawi lamulo la 2020 linaloleza kulima cha mankhwala ndi cha mafakitale kokha, kwa amene ali ndi laisensi ya Cannabis Regulatory Authority. Choncho zimene ndikukuuzazi usakazichite ukapita kutchuthi. Komanso cha ku Nkhotakota chija, chomwe azungu amachitcha Malawi Gold, ndi mbewu ya padzuwa, imatalika kupitirira munthu ndipo imachedwa kukhwima. M'kachipinda kakoko ingagunde denga. Ndipo popeza ukuchita lendi, mwini nyumba umufunse maganizo ake, ndi ana a pabwalopo asamalowe m'menemo.

Za kusamutsa, usathamange. Mbande yodwala siisamutsidwa. Dikira ichire, ikhale ndi magulu atatu kapena anayi a masamba enieni, mizu yoyera iyambe kusuzumira m'mabowo a pansi aja.

Chomaliza, ndipo ichi uchite tisanathe n'kulankhula komwe. Yatsa tochi ya foni, uyang'ane tsinde pamene lakumana ndi dothi. Likakhala loyera kapena lobiriwira, lolimba, mbande ichira, upatse masiku asanu kapena sabata uona masamba akudzuka. Koma ukaona pamenepo pafinyika ngati pamangidwa ulusi, pali pofiirira, ponyowa, mbande n'kugwera pomwepo, amenewo ndi matenda aja ankatha mbande za fodya pa nazale ya agogo madzi akachuluka. Ndi nkhungu ya m'dothi, ndipo ikafika apo palibe mankhwala. Ikatero usalimbane nayo. Taya mbande ndi dothi lake lomwe, usalibwezere m'thumba, kapu uitsuke ndi Jik, uboole mabowo usanathire dothi latsopano, ndiye ubzale njere ina mozama sentimita imodzi yokha.