Ngwazi ikakalamba, amaisambitsa ndani?

Moni nonse kulikonse kumene mukumvera, a ku Lilongwe, a ku Joni, ndi anzanga a kuno ku UK amene muli m'basi kuchokera ku naiti. Ndili m'khitchini mwanga muno mu Leeds, ketulo ili pamoto, kunja kukuwaza kamvula. Lero ndimati tingocheza za mafilimu, koma nkhaniyi yandikokera kwina, mundipirire.

Loweruka lapitali mwana wanga wamwamuna, wa zaka 15, anandigwira dzanja kuti tionere limodzi filimu. Ine za anthu ouluka ndi kugumula nyumba sizindikoka kwenikweni. Black Panther yokha ndiyo ndinaikonda mu 2018, ndipo mtima unandiwawa Chadwick Boseman atamwalira mu August 2020 ali ndi zaka 43, titamva kuti ankajambula mafilimu onse aja akudwala khansa ya m'matumbo kuyambira 2016, osauza dziko. Koma mwanayu anati, "Amayi, iyiyi ndi yanu, muona." Inali Logan, ya 2017.

Abale anga, ndinaiona ntchito yanga pa TV. Wolverine uja wa zikhadabo zachitsulo, amene dzina lake lina ndi Logan, wakalamba, akutsimphina, akuyendetsa galimoto yahayala kuti apeze ya mankhwala. Professor X, munthu amene ankamva maganizo a dziko lonse, ali ndi zaka za m'ma 90, mutu sukugwiranso, akukomokakomoka, amubisa m'thanki yamadzi yakale kumalire a Mexico. Logan akumumwetsa mapiritsi, mkuluyo akukana. Akumunyamula kupita naye kuchimbudzi, mkuluyo akumuuza kuti atembenuke asamuyang'ane. Pamenepo ndinaimitsa filimu. Manyazi amenewo ndimawaona usiku uliwonse ku care home, nyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira. Munthu anali hedimasitala, anali nesi, lero ndine ndikumusintha thewera ndi kumutembenuza maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda kumsana. Ndipo Logan yemweyo akusunga chipolopolo chimodzi chimene chingathe kumupha, akuchiganizira.

Mwana wanga ndiye anandiuza kuti Patrick Stewart, amene amasewera Professor X, kwawo ndi konkuno ku Yorkshire, ku Mirfield, ndipo ali m'gulu la Dignity in Dying limene limamenyera kuti wodwala kayakaya aziloledwa kuthandizidwa kufa. Ndiye mwaona mmene filimu ya ngwazi inatifikitsira pa nkhani imene yavuta kuno.

Kwa amene muli kumudzi, ndifotokoze pang'ono. Ku England ndi Wales, kuthandiza munthu kudzipha ndi mlandu pansi pa lamulo la 1961, ndipo ukhoza kukaseweza zaka 14. Amene ali ndi ndalama amapita ku Switzerland, ku Dignitas, bungwe limene limathandiza odwala kufa. Esther Rantzen, mayi wotchuka pa TV kuno, ananena poyera mu 2023 kuti walembetsa kumeneko chifukwa cha khansa ya m'mapapo. Kenako phungu Kim Leadbeater anabweretsa bilu yoti munthu wamkulu amene madokotala awiri atsimikiza kuti sangapitirire miyezi isanu ndi umodzi, athe kupatsidwa mankhwala oti amwe yekha. Pa 29 November 2024 aphungu 330 anavomera, 275 anakana. Pa 20 June 2025 anavotanso, 314 kwa 291, ndipo inapita ku House of Lords, nyumba yachiwiri ya malamulo kuno.

Tsiku la voti yachiwiriyo ndinali pa shifiti ya masana. TV ya pabalaza la kuntchito siizima, ndipo agogo athu ambiri saphonya sewero la pa TV la Coronation Street. Ena amakumbukirabe Hayley Cropper, amene mu sewerolo anadwala khansa n'kumwa mankhwala kudzichotsa yekha mu January 2014, mwamuna wake Roy ali pambali. Amamukamba ngati mnansi wawo weniweni. Ndiye nkhani itatuluka, agogo ena aamuna, dzina sinditchula, anandikodola. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo. Anati, "Akanandipatsa, ndikanamwa."

Ndinafunsa, "Agogo, pakuwawa pati? Ndiitane nesi?"

Anapukusa mutu. Anati sipakuwawa. Anati mwana wawo wamkazi wagulitsa nyumba imene anakuliramo kuti alipire chipinda chimene akugonamo. Kuno ukakhala ndi chuma choposa mapaundi 23,250 umadzilipirira wekha care. Kenako anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Nanunso ndakutopetsani."

Mawu amenewo sanandichokebe m'makutu. Ndikudziwa kuti agogowa biluyo siyikuwakhudza, poti palibe dokotala wanena kuti atsala ndi miyezi isanu ndi umodzi. Koma mantha anga ali pomwepo. Pakati pa amene adzapemphe, ndi angati adzapemphe chifukwa cha ululu, ndipo ndi angati chifukwa akudziona ngati mtolo? Dokotala amaona wodwala mphindi zochepa. Ife timamuona 3 koloko usiku, akulira mwakachetechete kuti asadzutse ena. Ndipo ma hospice, malo amene amadziwa bwino kuthetsa ululu wa munthu amene akupita, ndalama zawo zambiri amachita kupempha ndi kugulitsa kaunjika m'ma charity shop. Ine ndikanakonda Boma liyambe lakonza pamenepo.

Komabe sindingaime pano n'kuweruza aliyense. Kwathu tinakula tikudziwa kuti moyo mwini wake ndi Mulungu, ndipo maliro a wodzikhweza ambiri a ife tinawaona mmene amakhalira, opanda nyimbo za mpingo, anthu akungonong'onezana. Chikhulupiriro chimenecho ndidakali nacho. Koma ndinakhalaponso gadiyani wa bambo anga kuchipatala china kumudzi, ndikugona pansi pa bedi pachitenje, kuphika phala kukhitchini ya magadiyani. Khansa inali itawadya mafupa. Usiku wina morphine anatha, ndipo bambo anga, mkulu wa mpingo, anakuwa kuti, "Ambuye nditengeni, mukudikira chiyani?" Ndinalibe chowayankha. Ndinangowasisita mapazi mpaka kunja kunayera. Ndiye munthu akandiuza kuti sakufuna kudutsa njira imeneyo, ndimamumvetsa mpaka m'mafupa.

Chimene bambo sananenepo ndi chakuti atitopetsa. Pabedipo tinkasinthana anthu asanu ndi awiri, azakhali, achemwali anga, amayi a kumpingo. Analibe mankhwala, koma anali ndi anthu. Agogo a kuntchitowa mankhwala ali nawo, bedi lokwera ndi batani ali nalo, koma mlendo amabwera Lamlungu lokha.

Ngati mukumvera muli kuno ku UK ndipo maganizo otere akukuvutani, imbirani a Samaritans, bungwe lomvetsera anthu amene maganizo awalemera, pa 116 123, ndi ulere usana ndi usiku. A kumudzi, uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe.

Filimu ija tinaimaliza. Mwana wanga anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati ana amaloledwa kukacheza ku care home. Ndafunsa abwana, avomera. Agogo aja amakonda draughts, ndiye Loweruka likubwerali tinyamula bolodi. Pano ndizipita, basi ya 7 koloko siidikira, ndipo usiku uno ndawalonjeza kuti ndiwameta ndevu.