Makalata a Omvera: Nsanja ya Eddystone Inalimba Kuposa Thanthwe Lake

Moni omvera nonse, nthawi ija yakwana, ndipo makalata ali mbwee patebulo pano. Ndiyamba ndi ya mtsikana wina wa kusekondale. Akuti: "Achimwene a pawailesi, m'buku lathu muli chithunzi cha nsanja ya nyale itaima pakati pa nyanja, mafunde akuimenya, pansi alemba kuti Eddystone. Anaimanga bwanji pamadzi, nanga bwanji siigwa?"

Zikomo chemwali. Nsanjayi sinayandame ayi, yakhala pa matanthwe otchedwa Eddystone, kunyanja kummwera kwa doko la Plymouth ku England. Madzi akakwera matanthwewa amabisala, ndipo sitima zambiri zinasweka pamenepo. Komanso kugwa inagwapo ndithu. Imene mwaona pachithunzi mwina ndi yachinayi.

Yoyamba anamanga ndi Henry Winstanley, ndipo nyale yake inayaka mu 1698. Akuti bamboyu ankaikhulupirira kwambiri moti ankalakalaka namondwe woopsa atamupeza ali m'katimo. Mu Novembala 1703 namondweyo anabweradi iye alimo. Kutacha, nsanja kunalibe, iye ndi anzake kunalibenso. Yachiwiri, ya John Rudyerd, inali ndi matabwa ambiri, ndipo inapirira mafunde zaka zoposa 40 mpaka moto unainyeketsa mu 1755. Mlonda wake wina, gogo Henry Hall wa zaka 94, ankathira madzi atayang'ana kumwamba, mtovu wosungunuka wa padenga n'kumugwera mkamwa. Anthu sanamukhulupirire, koma atamwalira dokotala anaupeza m'mimba mwake.

Tsono funso lanu lenileni likuyankhidwa ndi wachitatu, John Smeaton, amene anamaliza yake mu 1759. Iyeyu ndiye ndimamuvulira chipewa. Anaona mmene mtengo waukulu wa oak umaimira: tsinde lotambalala pansi, n'kumaonda pang'onopang'ono pokwera. Nsanja yake anaiumba chomwecho, kuti funde likafika lisapeze khoma loti liwombe, koma likwere n'kubalalika. Miyala sanangoisanja ngati njerwa. Uliwonse ankausema kuti ulumane ndi unzake, monga kalipentala amalumanitsira matabwa pa ngodya ya bokosi, ndipo ya pansi penipeni anailowetsa m'mipata yosemedwa m'thanthwe lomwelo. Kuti funde lizule mwala umodzi, linayenera kuzula yonse. Vuto lina linali matope omangira, poti laimu wamba sauma m'madzi. Smeaton anayesayesa mpaka anapeza kuti laimu wochokera ku miyala yokhala ndi dongo amalimba ngakhale atamira, ndipo nzeru imeneyi inatsegula njira ya simenti amene tikumudziwa lero. Ntchito yonseyo, chemwali, pamwamba pake ankangoyatsa makandulo 24 basi!

Nsanjayo inaima zaka zoposa 120. Chinatopa ndi thanthwe: nyanja inalikukuta kunsi mpaka nsanja n'kumagwedezeka mafunde akakula. Ndiye James Douglass anamanga ina pambali, yotalika mamita 49, imene inayamba kuwala mu 1882. Gawo la pamwamba la nsanja ya Smeaton analiphwasula n'kukalimanganso kumtunda ku Plymouth Hoe, koma tsinde lake anangolisiya, ndipo lilipo mpaka pano.

Kalata ina pa nkhani yomweyi ndi ya bambo wina amene akuti anagwirapo ntchito ya ulonda wausiku zaka zambiri. Akufunsa ngati m'nsanjamo mukugonabe anthu, chifukwa iwo kusungulumwa amakudziwa.

Ayi bambo, kuyambira 1982 nyale ya Eddystone imayaka yokha popanda mlonda. Bungwe la Trinity House ndilo limaiyang'anira, ndipo okonza amatera pa helikopita pamwamba penipeni pa nsanjayo, n'kubwerera ntchito ikatha. Alonda akale aja ndiwo ankakhala milungumilungu, ndipo nyanja ikalusa boti lokawasintha linkalephera kufika. Mukanapezana nawo, bambo, mukanacheza mpaka mbandakucha. Timve kaye nyimbo, kenako titsegula kalata yachitatu.