Nyenyezi zisanu zabodza ndi malipiro anga a miyezi iwiri

Moni abale anga nonse, a ku Joni, a ku Cape Town, a ku Durban, ndi inu amene muli kumudzi kuno. Mukamva mphepo ikuwomba musadabwe, uno si Randburg ayi. Ndakhala pakhonde pa amayi ku Nkhotakota, mwera wayamba, ndipo nyanja ikumveka kuseri kwa mitengo ya mango. Ndafika dzana. Miyendo idakali yotupa ndi basi ija, inu mukuidziwa: Park Station, mzere wa pa Beitbridge, kutentha kwa ku Tete, Dedza, Lilongwe, kenako minibasi ya ku Salima ndi ina yotsata nyanja. Pa Chia ndinagula chambo, kondakitala n'kuchimangirira kutsogolo kwa minibasi kuti chizipitidwa mphepo. Nditamva fungo lija misozi inalengeza, abale, zaka zitatu si masewera.

Koma chandibweretsa si chambo. Ndayambana ndi bwana wanga, ndipo ndikapanda kuilankhula nkhaniyi sindigona.

Amayi amauza anzawo kutchalitchi kuti mwana wawo amakonza makompyuta ku Joni. Ndifotokoze pang'ono chifukwa cha iwo ndi ena akumudzi. Ntchito yanga amaitcha SEO. Munthu akatenga foni n'kulemba pa Google kuti akufuna malo ogona pafupi ndi bwalo la ndege, pamatuluka mayina ambirimbiri. Ine ndimathandiza kuti dzina la kasitomala wathu lituluke chakumwamba popanda kulipira Google ndalama yotsatsira malonda. Ndinaiphunzira usiku pa foni, nthawi imene masana ndinkatchetcha kapinga m'nyumba za anthu. Ndipo lero ndikunena mosaopa, pa ofesi ija panalibe wondiposa. Bwana yemweyo akudziwa.

Kasitomala wake anali mayi wina wachikulire, ali ndi nyumba yogona alendo ku Kempton Park, pafupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo. Zipinda zochepa, koma paukhondo. Tsiku loyamba bwana anawalonjeza kuti pakatha mwezi adzakhala nambala wani pa Google. Ine mtima unandipweteka, chifukwa Google eni ake analemba poyera kuti palibe munthu angakutsimikizire malo oyamba, ndipo amati ntchito yotereyi imatenga miyezi inayi mpaka chaka kuti ione zipatso. Mayi aja atandifunsa pandekha ndinawauza zimenezo. Ndinati, "Mayi, mwezi umodzi n'zosatheka, koma mukandipatsa nthawi foni yanu izilira." Anakhala chete, n'kugwedeza mutu. Bwana atamva anandikalipira ngati mwana, akuti ndikuthamangitsa ndalama.

Tsopano mvetserani, makamaka inu achinyamata amene mumandilembera kuti achimwene tiphunzitseni ntchito ya pa intaneti. Chimene ndinachita poyamba si kutsegula kompyuta ayi. Ndinapempha mayi aja kuti ndikhale pamalo olandirira alendo masiku awiri, ndi kope ndi cholembera, ndizingomva zimene anthu akufunsa akaimba foni. Wina akuti, ndege yanga ifika 1 koloko usiku, kodi mudzanditenga? Wina akuti, magetsi akazima madzi otentha amakhalapo? Wina akufuna kusiya galimoto sabata yathunthu ali paulendo. Mayi wina anaimba katatu kufunsa ngati geti imakhala ndi mlonda, chifukwa akubwera yekha ndi mwana wakhanda. Nditayang'ana webusaiti yawo, zonsezi mulibemo ngakhale chimodzi. Mwangodzaza mawu onyadira akuti malo apamwamba, malo achifumu, ndi zithunzi zotola pa intaneti za bedi lomwe kulibe.

Mapulogalamu amene timagwiritsa ntchito amakuuza kuti mawu akutiakuti amasakidwa kangati pamwezi. Ndi othandiza, sindikuwanyoza. Koma sangakuuze mantha a mayi wofika pakati pa usiku m'dziko lachilendo atabereka mwana. Ine mantha amenewo ndimawadziwa, ndinatsika nawo pa Park Station ndi chikwama chimodzi. Ndiye ndinalemba masamba aja mwatsopano, tsamba lililonse kuyankha funso limene munthu anafunsadi. Ndinajambula zipinda mmene zilili, geti, mlonda, pamene galimoto zimagona. Pang'ono ndi pang'ono foni inayamba kulira.

Amalume anga anali siginala zaka zambiri, uja amatsogola ndi nyali usiku kukaitana usipa asanaponye chilimira. Iwo amati nyali aliyense angagule, koma kudziwa pamene usipa wagona, kuwerenga mphepo, kudikira mwezi ulowe chifukwa kukawala nsomba sizitsata nyali, zimenezo sizigulidwa pa sitolo. Ndikakhala pa kompyuta ku Joni ndimawakumbukira kwambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Bwana wanga kudekha alibe. Mwezi wachitatu anandiitana n'kunena kuti tigule malinki, kutanthauza kulipira kuti mawebusaiti ena aziloza ku webusaiti ya mayi aja, kwa anthu ena ogulitsa pa intaneti, komanso ine ndilembe ndemanga makumi anayi za alendo abodza, aliyense ndi dzina lake, aliyense nyenyezi zisanu. Akuti iwe Mmalawi umalemba Chingelezi chabwino, ichi ndi cha madzulo amodzi. Ndinakana. Ndinamukumbutsa kuti njira zimenezi Google inayamba kuzisaka kalekale. Mu 2011 anabweretsa Panda yogwetsa masamba opanda kanthu, mu 2012 Penguin yolimbana ndi malinki achinyengo. Akakugwira amatha kukutumizira uthenga mu Search Console, pulogalamu yawo ya eni mawebusaiti, kuti webusaiti yako yalangidwa, ndipo kubwerera pamene unali ndi ntchito yowawa. Koma ngakhale Google ikanakhala yakhungu, ine ndikanalemba bwanji kuti ndinagona pamalo pamene sindinagone? Munthu akusankha pogona mwana wake potengera mawu anga. Amenewo ndi mawu a pakamwa panga, ngakhale ndiwasainire dzina la munthu wina.

Iye anangoseka n'kukapeza mnyamata wina amene anachita zonsezo mosavuta. Masabata ochepa zinaoneka ngati zayenda. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Ndemanga zija zinayamba kufufutidwa, webusaiti inatsika, foni inakhala chete. Ndiye mukudziwa chimene anawauza mayi aja? Akuti mnyamata wa ku Malawi uja ndi amene waononga. Ine! Malipiro anga a miyezi iwiri anawagwira, akuti ndi chindapusa, n'kuwonjezera mawu aja timawadziwa tonse, akuti ukanene kulikonse, mlendo angandichite chiyani.

Abale anga, mawu amenewo asamakutsekeni pakamwa. Ine ndinapita ku CCMA, bungwe la ku South Africa lomva madandaulo a antchito ndi mabwana awo, salipiritsa kalikonse, ndipo nkhani yanga ili kumeneko. Mauthenga onse a pa WhatsApp ndinawasunga, ndi uja wondiuza kuti ndilembe zabodza. Sungani mauthenga, sungani mapepala a malipiro. Tsiku likakwana ndikwera basi yomweyo kubwerera, sindinathawe ayi.

Ndaiwala kukuuzani cha pa Nyamapanda. Tili pamzere wodinditsa mapasipoti, dzuwa lili pamutu, foni yanga inagwira netiweki pang'ono n'kulowa uthenga wa mawu. Mayi a ku Kempton Park aja. Ndinaumvera katatu nditatsamira basi. Akuti, mwana wanga, ine sindidziwa za makompyuta, koma ndikudziwa kuti pa anthu onse a pa ofesi panu ndiwe wekha unandiuza zoona tsiku loyamba, ndiponso ndiwe wekha unakhala pansi kumvera alendo anga. Akuti ukabwera udzandione, tidzagwire ntchito awiri. Mayi wina wa ku Mangochi amene tinakhala naye mpando umodzi anandifunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro, poona nkhope yanga. Ndinati ayi mayi, ndi nkhani yabwino. Anandigawira mbatata yootcha.

Nkhani imeneyi ndikuitalikitsa dala chifukwa masiku ano aliyense akuti makina atilanda ntchito. N'zoona, kuchokera pamene ChatGPT, pulogalamu yolemba yokha ukaiuza chofuna, inatuluka kumapeto kwa 2022, munthu angathe kutulutsa masamba zana asanamwe tiyi. Koma chaka chomwecho Google inalengeza kuti ikufuna zolembedwa zothandiza anthu, osati zolembera makina osakira, ndipo m'malangizo awo anawonjezeramo kuti aziona ngati wolembayo chinthucho anachionadi kapena kuchigwiritsa ntchito yekha. Pa zonse zimene amayang'ana amati chachikulu ndi kudalirika. Ndiye inu amene mukuphunzira, phunzirani ma keyword, omwe ndi mawu amene anthu amalemba posaka pa Google, phunzirani kufulumizitsa webusaiti, zonsezo zili pa YouTube ulere. Koma ukakhala ndi kasitomala amene waika ndalama yake ya penshoni mu bizinesi, akukufunsa ngati zitheka mwezi uno, pamenepo YouTube palibe. Pali iwe ndi mmene anakulerera. Uyenera kutha kunena kuti ayi bwana akukuyang'ana m'maso. Uyenera kufotokoza chinthu chimodzi kasanu kwa munthu wosadziwa intaneti osamuchititsa manyazi. Mwezi ukaipa, manambala atatsika, uwatumize mmene alili, osasankhamo okoma okha. Ife Amalawi ku Joni amatidziwa ndi kukhulupirika, ndi chifukwa chake amatisiyira makiyi a nyumba zawo. Kukhulupirika komweko tilowe nako pa kompyuta, tisakusiye pa geti.

Dzulo amalume anabwera ndi mnzawo amene ali ndi malo ogona alendo chakunyanja. Akuti kuyambira pamene njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira m'nkhalango yathuyi ya Nkhotakota kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, azungu amadutsa, koma kwa iwo safika. Titayang'ana pa Google Maps, chizindikiro cha malo awo chili kutali ndi pamene pali nyumbayo, ndipo nambala ya foni ndi yakale. Zimenezo tikonza mawa. Anandipempha kuti ndikajambule chipinda chimodzi chokongola chija n'kulemba ngati zonse zili choncho. Ndinawauza mwaulemu kuti bambo, tiyambe tasoka maneti obooka ndi kukonza chitseko cha kubafa, kenako tijambule zipinda zonse. Amalume anaseka n'kunena kuti mnyamatayu watengera kuchimuna kapena kuchikazi, mnzawoyo n'kuvomera kuti apeza kalipentala Lachisanu.

Amayi akuitana, kondowole wapsa ndipo chambo cha pa Chia chija chatsala mutu wokha, akuti andisungira. Achimwene a ku Turffontein amene munandisungira katundu, zikomo, ndikuimbirani madzulo netiweki ikabwera. Ena nonse tikumana sabata yamawa.